Makoko a Khofi ndi Cholembera cha Mwana Wathu

 

Aphunzitsi anzanga, makolo ndi inu ophunzira, munandipempha kuti ndidzayankhule za zinthu zimene zimaumba kalembedwe ka wophunzira akamalemba ntchito za sukulu m'Chingerezi, chiyankhulo chimene sanayamwire kubere. Ndinavomera. Koma ndabwera nditasenza katundu wina amene simunaitanitse, ndiye makoko a khofi. Mundilole ndiyambire pa makokowo, chifukwa zambiri zimene ndinene lero ndinaziphunzira pamenepo.

Chaka china ndinapatsa ophunzira a chaka choyamba ntchito yoti aliyense alembe masamba atatu okamba za zinyalala zopezeka kwawo ndi mmene anthu angapindulire nazo. Mtsikana wina wochokera kumapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, anasankha khofi. Ndime yake yoyamba inali yosalala ngati msewu wa phula: kusintha kwa nyengo, chuma cha dziko lapansi, mawu akuluakulu okhaokha. Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachitatu phula linathera pomwepo, tinalowa m'fumbi, ziganizo zothyoka miyendo, mneni kwake, mwininkhani kwake. Aliyense amene wachongapo mapepala akudziwa tanthauzo la zimenezi. Ndime ziwiri zoyambazo anazitola pa intaneti, yachitatuyo ndiyo inali yakeyake. Ndinatenga cholembera chofiira n'kulemba pamwamba kuti adzandione.

Anabwera, nakhala kumphepete kwa mpando, maso pansi. Mkwiyo ndinali nawo, koma ndinayamba ndi funso.

"Mwana wanga, kwanu khofi mumalima?"

"Eya, aphunzitsi. Bambo ali ndi mitengo."

"Tandiuza, makoko mumatani nawo? Usavutike ndi Chingerezi, nena mmene ungathere."

Anadzutsa mutu. "Aphunzitsi, khofi timathyola wofiira yekhayekha, ndipo tsiku lomwelo ayenera kufika kumakina osendera, chifukwa akagona amawonongeka. Makina akasenda, nyemba zimapita m'matanki kuti zoterera zija zivunde, makoko amagwera kumbali. Mulu umakula tsiku ndi tsiku. Pakapita masiku atatu umayamba kununkha ngati mowa wosasa, ntchentche n'kudzazana, pansi pake n'kumatuluka madzi akuda otsetserekera kukhwawa. Nyengo imeneyo amayi satunga kumunsi, amakwera kumtunda. Chaka china bambo anatuta makoko aawisi n'kuthira pa mbande za tomato. Sabata isanathe masamba anachita chikasu, mbande zina zinapserera. Mayi anatenga makoko ena n'kuwaunjika kuseri kwa khola, kusakaniza ndi manyowa a mbuzi ndi mapesi, n'kumatembenuza. Mmene mvula imayamba anali atasanduka dothi lakuda lopanda fungo. Anathira pa nthochi, ndipo mikoko yake inachita kufuna mphanda."

Anayankhula mphindi pafupifupi 15 osapunthwa, pamene Chichewacho sichinali chiyankhulo chake choyamba. Kwawo amayankhula Chisukwa, Chitumbuka anachitola kwa anzake, Chichewa anachipeza kusukulu, Chingerezi chinali chachinayi. M'mphindi zimenezo munali zonse zimene timafuna m'pepala la kafukufuku: vuto, malo ake, njira ziwiri zoyesedwa, zotsatira za njira iliyonse. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanalembe zimenezi. Yankho lake silinandichokebe m'mutu.

"Ndimayesa zimenezo si za sukulu."

Ndibwereranso ku mawu amenewa. Poyamba tione ngati zimene ananena zinalidi zosayenera kulowa m'kalasi.

Khofi analowa m'dziko muno mu 1878, pamene Jonathan Duncan anabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh kudzabzala ku mishoni ya Blantyre. Lero akulimidwa m'maesiteti a ku Thyolo ndi madera ozungulira, komanso ndi alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya, kumapiri a Nkhata Bay, ku Mzimba ndi ku Ntchisi, amene ambiri a iwo amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Chimene ogula amafuna ndi kanjere ka m'kati. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya khofi wouma wogulitsa kunja, mumafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira, ndipo pa makilogalamu 10 alionse a zipatsozo pafupifupi 4 ndi makoko. Ndiye kuti mlimi amathyola ndi manja, kusenza pamutu ndi kukweza phiri katundu amene gawo lalikulu lake likathera pa mulu wa ntchentche. Madzi otsukira nawo amatuluka owawasa, odzaza ndi shuga wa zoterera zija, ndipo akalowa mumtsinje tizilombo towoletsa timamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba ndi achule n'kusowa chopuma. Amayi okwera kumtunda aja sanawerenge buku, koma mphuno zawo sizinaname.

Mbande za bambo aja zinapsa pa chifukwa chodziwika. Makoko aawisi ali ndi asidi, caffeine ndi tannin, zinthu zimene zimabweza kukula kwa mbewu zanthete, ndipo mulu ukamawola umatentha. Akawola bwino ukali umenewo umatha, n'kutsala chakudya cha nthaka chokhala ndi potassium wambiri, mchere umene nthochi imaukonda. Mayi aja anapanga kompositi monga mmene mlangizi wa zaulimi akanawaphunzitsira.

Kunjaku anthu ophunzira akutopa ndi funso lomweli. Ku Costa Rica, Rebecca Cole ndi Rakan Zahawi anathira malole 30 a makoko a khofi pa malo oguga a mamita 35 m'lifupi ndi 40 m'litali, kukhuthala kwake theka la mita, pambali pake n'kusiya malo ena ofanana osathira kanthu. Patatha zaka ziwiri, mitengo inali itaphimba magawo 80 pa 100 a malo othiridwawo, pamene osathiridwa aja inaphimba magawo 20 okha, ndipo mitengo ya pa makoko inali yotalika kanayi. Zimenezi anazisindikiza mu 2021. Ku Colombia, bungwe lofufuza za khofi la Cenicafé linapanga makina osenda ndi kuchotsa zoterera ndi madzi ochepa kwambiri, pafupifupi lita imodzi pa kilogalamu, pamene njira yakale inkadya malita okwana 40. Ku Yemen anthu akhala akumwa qishr, chakumwa chophika ndi makoko ouma ndi jinja, kuyambira kalekale, ndipo mu 2022 mayiko a European Union analoleza kuti makoko ouma, amene amatchedwa cascara, azigulitsidwa ngati chakumwa. Alimi a bowa m'mayiko angapo amameretsa bowa wa oyster pa zotsalira za khofi.

Palinso masese, ndikunena zotsalira zakuda zija munthu akasefa khofi wake. Mu 2008 akatswiri a ku University of Nevada, ku Reno, anasonyeza kuti m'masesemo muli mafuta amene angasandutsidwe dizilo. Mu 2023 gulu la Rajeev Roychand ku RMIT University, ku Melbourne, linawotcha masese pa madigiri 350 mopanda mpweya mpaka kusanduka makala, n'kuwaika m'malo mwa magawo 15 pa 100 a mchenga posakaniza konkire, ndipo konkireyo inalimba kuposa yanthawi zonse ndi magawo pafupifupi 30 pa 100. Ku London, Arthur Kay anayambitsa kampani ya bio-bean mu 2013, yotolera masese m'malo omwera khofi n'kumaumba zidutswa zosonkhera moto. Kampaniyo inagwa mu 2023. Ndatchula dala kugwa kwakeko, chifukwa wolemba woona mtima amanena zimene zinatheka ndi zimene zinakanika zomwe.

Mwaona tsono kuti zimene mtsikana uja anaziyesa zakumudzi ndi zomwe anthu akulembera mapepala ku Melbourne ndi ku Reno. Iye anali ndi chinthu chimene ambiri mwa akatswiriwo alibe: anakulira pambali pa muluwo. Ndiye anamuuza ndani kuti zimenezo si za sukulu?

Tinamuuza ndife. Sitinamuuze tsiku limodzi, tinamuuza pang'onopang'ono kwa zaka 12. Ambiri muno mukukumbukira kachikwangwani kovekedwa m'khosi mwa mwana amene wapezeka akuyankhula chiyankhulo cha kwawo, ndi chilango chosesa kapena kutchetcha chimene chinkatsatira. Aphunzitsi athu ankatifunira zabwino, ndipo sindinabwere kudzawaimba mlandu. Koma mwana sasiyanitsa chiyankhulo ndi zimene chiyankhulocho chanyamula. Mukamuuza kuti asiye Chisukwa pa geti, amasiya pomwepo nthochi za amayi ake, khwawa la kwawo, ndi nzeru zonse zimene anazimva m'Chisukwacho. Amalowa m'kalasi manja lendelende, n'kumadikira kuti mphunzitsi amuikemo kanthu. Tsiku limene timupempha kuti alembe maganizo ake, amayang'ana m'thumba la Chingerezi n'kupeza muli manotsi okhaokha. Akatero amapita kukabwereka.

Dziko lathu lakhala likusinthasintha pa nkhani imeneyi. Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi n'kutenga malo mu Sitandade 5. Mu 1996 unduna unalamula kuti m'makalasi oyambirirawo ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linabwezera mphamvu ku Chingerezi, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1. Makolo ambiri anaombera m'manja, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa amadziwa kuti wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE sapata satifiketi ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo Chingerezi ndicho chimatsegula zitseko za ntchito.

Koma umboni ukunena zina pa za njira yofikira ku Chingerezicho. M'zaka za m'ma 1990, Eddie Williams anayesa kawerengedwe ka ana a chaka chachisanu ku Malawi ndi ku Zambia. Ana a ku Zambia nthawi imeneyo ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1, a ku Malawi ankayamba ndi Chichewa. Wina akanayembekezera kuti a ku Zambia awasiya kutali anzawo pa Chingerezi. Sizinatero. Pa Chingerezi magulu awiriwa anali pafupifupi ofanana, koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anapambana kwambiri. Zaka zinayi za Chichewa sizinawabere Chingerezi, zinangowaonjezera luso lina. Jim Cummins wa ku Canada anafotokoza chifukwa chake kuyambira mu 1979: luso lowerenga, losanja mfundo ndi lolingalira limene mwana walipeza m'chiyankhulo chimodzi limawoloka naye kupita ku chinzake. Iye yemweyo anasiyanitsa Chingerezi chochezera ndi Chingerezi cha maphunziro. Poona ana obwera ku Canada kuchokera kumayiko ena, anapeza kuti chochezera amachigwira m'zaka pafupifupi ziwiri, koma cha maphunziro chimatenga zaka 5 mpaka 7. Kumbukirani kuti amenewo ndi ana omva Chingerezi pamsewu, m'sitolo ndi pa wailesi tsiku lonse. Mwana wa ku Misuku amachimva kwa mphunzitsi yekha, belu likalira chatha.

N'chifukwa chake musapusitsidwe ndi mwana wolankhula Chingerezi chothamanga. Kutha kucheza si kutha kulemba pepala. Averil Coxhead wa ku New Zealand anasonkhanitsa mu 2000 mabanja 570 a mawu amene amabwerezedwabwerezedwa m'mabuku a ukachenjede, mawu monga "analyse", "assume" ndi "derive", ndipo anapeza kuti pafupifupi liwu limodzi pa mawu 10 alionse a m'mabuku amenewo limachokera m'gululi. Mawu otere samveka pa bwalo la mpira. Amapezeka powerenga, ndipo mwana amene sukulu yake ili ndi buku limodzi pa ana angapo, laibulale n'kukhala chipinda chokhoma, sanakumane nawo mokwanira.

Tsopano ndinene mbali imene anzanga okonda ziyankhulo zathu safuna kuimva. Makoko aawisi amapsereza mbande. Chichewa chikathiridwa chosawola pa pepala la Chingerezi chimaonononganso. Zina n'zazing'ono ndipo sindichedwapo. Ife tilibe "a" ndi "the", ndiye mwana amaziika mongoponya. Mlowam'malo wathu "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi, ndiye mayi amasanduka "he" pakati pa ndime. Timati "ndibwereke", ndiye mwana amalemba "borrow me". Timalemekeza munthu mmodzi pomuchulukitsa, ndiye bambo amakhala "they". Zoterezi zimachoka ndi kuwerenga komanso kukonzedwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti inki yathu yofiira yambiri imathera pamenepa.

Zazikulu zili pa kasanjidwe ka nkhani. Kwathu kuno munthu wolemekezeka safikira pa mfundo. Amayamba ndi malonje, afunse za ana, za mvula, za odwala, kenako n'kunena chimene wadzera. Wofikira pa mfundo timamuti alibe mwambo. Mwana woleredwa bwino amatenga ulemu umenewu kupita nawo pa pepala: tsamba loyamba lonse malonje, kuyambira pa chilengedwe cha dziko, mfundo yake n'kudzaonekera kumapeto, nthawi zina yobisika m'mwambi. Wowerenga wa Chingerezi cha maphunziro amafuna kumva pa ndime yoyamba chimene wadzera. Robert Kaplan anaona zotere mu 1966 atawerenga zimangirizo pafupifupi 600 za ophunzira akunja ku America, ndipo anajambula zithunzi zosonyeza kuti Mngerezi amayenda mzere wowongoka pamene ena amazungulira. Ambiri anamutsutsa pambuyo pake, ndipo ine ndili nawo limodzi pa mfundo imodzi: palibe mtundu wa anthu umene unabadwa ndi maganizo owongoka. Mwana wa ku London naye amachita kuphunzitsidwa kulemba pepala. Koma Kaplan analondola poti kasanjidwe ka nkhani ndi mwambo, ndipo mwambo wa eni ake umafunika kuuzidwa poyera. Ife timalanga ana chifukwa chophwanya malamulo amene sitinawauzepo.

John Swales, m'buku lake la 1990, anaulula chinsinsi cha mawu oyamba a pepala la kafukufuku, ndipo mwana wa mlimi angachimve msanga kuposa wina aliyense. Uyambe wasonyeza munda wonse ndi amene analimamo kale. Kenako uloze pamene sipanalimidwe. Ukatero ulowepo ndi khasu lako. Basi. Ndakhala ndikufotokoza zimenezi m'Chichewa kwa mphindi zisanu, n'kuona nkhope zikuwala za ana amene anazimva m'Chingerezi teremu yonse osatolapo kanthu.

Pali ulemu wina umene umapweteka koposa, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. Tinaleredwa kuti mawu a akulu satsutsidwa. Kusukulu mkuluyo anasanduka buku. Onjezanipo mmene tinaphunzirira. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, chinthu chabwino chimene chinadza ndi makalasi a ana oposa 100. Mphunzitsi wa kalasi yotere sangachonge chimangirizo cha mwana aliyense sabata iliyonse. Amalemba manotsi pa bolodi, ana amakopera, amaloweza, pa mayeso amabweza mawu omwewo, n'kupatsidwa malikisi. Kwa zaka 12 kukopera kunali khalidwe la mwana wabwino. Akafika kuno, sabata yoyamba timamuuza kuti kukopera ndi kuba ndipo angachotsedwe nako sukulu. Sindikuti kuba kulekereredwe. Ndikuti ambiri mwa ana amene timawagwira si akuba, ndi ana amene amaopa kuipitsa mawu a mkulu ndi Chingerezi chawo chosauka, ndipo sanauzidwepo kuti ali ndi chilolezo chonena kuti wolemba uyu walondola apa, koma apa zimene ndinaona kwathu zikusiyana.

Masiku ano wobwereketsa wafika m'thumba. Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatulukira, mwana angathe kulandira masamba atatu osalala m'mphindi imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lotere likhoza kukhala lopanda cholakwa chilichonse cha galamala, koma simupezamo amayi okwera kumtunda kukatunga madzi, chifukwa makinawo sanafikeko ku khwawa lija. Chimene mwana wathu angapereke ku dziko, chimene wina aliyense sangachilembe, ndi chomwe tinamuphunzitsa kusiya pa geti.

Nanga kuwoletsa makoko kumatanthauza chiyani m'kalasi? Kumatanthauza kutenga zimene mwana ali nazo kale n'kuzitembenuza mpaka zitagwirizana ndi ntchito yatsopano. Pitani pa bwalo la milandu kwa a mfumu mukamvere nkhoswe yodziwa ntchito yake. Imanena mlandu momveka, imaitana mboni, imatchula amene anaona ndi maso n'kumusiyanitsa ndi amene anangomva, imavomereza pamene mbali inayo yalondola, kenako imamanga mfundo. Kodi pepala la kafukufuku limafunanso chiyani choposa apa? Timatchula kale eni mawu tikamati "anatero agogo" kapena "ndinamva kwa auje", ndipo kutchula mabuku m'pepala ndi mwambo womwewo wovala jekete. Tili ndi "mwina", "kapena", "zikuoneka ngati", "sindinganeneretu", mawu ochepetsa liwiro amene olemba a sayansi amawagwiritsa ntchito tsamba lililonse akamati "may" kapena "suggests". Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo amene m'Chichewa amayankhula mosamala chotere, akalowa m'Chingerezi amalumbira kuti kafukufuku watsimikiza, chifukwa palibe anamuuza kuti "mwina" wake uja ali ndi mbale wake kutsidyako.

Mtsikana uja anagwa m'dzenje lomweli polembanso pepala lake. Atawerenga za ku Costa Rica analemba kuti makoko a khofi amabwezeretsa nkhalango. Ndinamufunsa kuti anathira pa minda ingati. Anati umodzi. Kwa zaka zingati? Ziwiri. Nanga agogo ako akanamva kuti munthu wayesa mbewu pa munda umodzi n'kuyamba kulalikira mudzi wonse, akanati chiyani? Anaseka, nati akanamuuza kuti adikire aone chaka china. Eni kafukufukuyo ananena zomwezo, kuti anayesa pa malo amodzi ndipo pakufunika kuyesanso kwina. Anakonza chiganizo chake n'kulemba kuti pa malo amodzi ku Costa Rica, m'zaka ziwiri, makoko anafulumizitsa kumera kwa mitengo. Kenako anaonjeza funso lakelake, limene sanalitole m'buku lililonse: ngati mulu wokhuthala theka la mita uthiridwa pa phiri lotsetsereka ngati a kwawo, madzi akuda aja akathera kuti mvula ikagwa? Tsiku limenelo analoza pamene sipanalimidwe.

Pepalalo analilemba kanayi. Poyamba ndinamuuza kuti afotokozere mnzake nkhani yonse pakamwa, m'chiyankhulo chilichonse, mnzakeyo akujambula mawu pa foni. Kenako anamvera n'kulemba mitu ya mfundo, ina m'Chichewa, ina m'Chingerezi. Atatero ndi pamene anayamba ziganizo za Chingerezi, buku lili chitsekere, n'kumalitsegula pofuna nambala kapena dzina. Malonje tinawadula limodzi, tsamba lathunthu linatsala mizere itatu, ndipo zinamuwawa. Pepala lomaliza linali likadali ndi "the" wosochera apa ndi apo. Koma kuyambira chiganizo choyamba mpaka chomaliza munali munthu mmodzi, ndipo ndinaphunziramo zinthu zimene sindinkazidziwa. Sindingayiwale mmene anagwirira pepalalo polilandira, ndi manja awiri.

Wina anena kuti zimenezi n'zotheka ndi mwana mmodzi, nanga kalasi ya 200? Funsolo n'loona, ndipo ndimakumana nalo teremu iliyonse. Sindingakhale ndi aliyense mu ofesi. Koma kuika ana awiriawiri kuti afotokozerane nkhani asanalembe sikufuna ndalama. Kupereka mitu ya ntchito imene mayankho ake ali kumudzi, monga madeya a pachigayo, makoko a mtedza, utuchi wa kwa kalipentala kapena zotsalira za nzimbe, sikufuna ndalama, ndipo kumatseka njira ya kukopera kuposa chiopsezo chilichonse. Kusankha zolakwa ziwiri zokha zoti mwana akonze, m'malo mofiiritsa tsamba lonse, kumapulumutsa nthawi ya mphunzitsi yemwe. Ndipo ntchitoyi si ya mphunzitsi wa Chingerezi yekha. Mutu umodzi susenza denga. Wa zaulimi, wa zaumoyo, wa zamalamulo, aliyense aonetse ana mmene anthu a ntchito yake amalembera, chifukwa lipoti la mu labu ndi chimangirizo cha mbiri yakale sizivala malaya amodzi.

Musandimve molakwa, ana inu. Chingerezi muchiphunzire ndi mtima wonse. Werengani tsiku lililonse, nyuzipepala, nthano, malipoti, chilichonse chokhala ndi ziganizo zathunthu, chifukwa khutu la chiyankhulo limakula ndi kuwerenga. Sungani kope la mawu atsopano pamodzi ndi ziganizo zimene mwawapezamo. Lembani, mukonze, mulembenso. Funsani, pakuti safunsa anadya phula. Alimi a ku Misuku akufunika ana awo odziwa kulemba Chingerezi chomveka, oti adzalembere ogula a kunja, adzapemphe makina osadya madzi ambiri, adzafotokozere dziko zimene zikuchitika pa khwawa lija. Chimene ndikukana ndi bodza lakuti kuti upeze Chingerezi uyenera kutaya zonse zimene unabwera nazo.

Makolo, musaleke kuyankhula ndi ana anu m'chiyankhulo chanu, ndipo muziwafotokozera chifukwa chimene mumachitira zinthu, osangowatuma. Aphunzitsi anzanga, tikagwira pepala lokhala ndi phula ndi fumbi, tiyambe tafunsa mwanayo chimene akudziwa tisanatsegule cholembera chofiira. Ndipo inu ophunzira, khofi ayamba kufiira nyengo yozizira ikubwerayi. Amene kwanu kuli makina osendera, pitaniko ndi kope. Yezani muluwo ndi mapazi, funsani amayi kumene akutunga madzi, lembani tsiku limene fungo layamba. Amene kwanu kulibe khofi, pali chigayo, pali msika, pali dzala. Mubwere nazo zimenezo teremu ya mawa, ndipo Chingerezi chake tidzachipeza limodzi.